Zumba wa ku Bluff Knoll

Apongozi anga, bambo Luwayo, atakhala nafe ku Perth, ku Australia, mwezi umodzi ndi kanthu, anayamba kulongedza. Sanayambane ndi munthu, sanadandaule za chakudya. Anangopinda malaya awo bwinobwino, n'kuika chikwama pakhomo la chipinda chawo, pamalo poti aliyense wopita kubafa achidumphe.

Tikiti yawo yobwererera inali ya Januwale, ndipo apa n'kuti tili mu Seputembala. Mkazi wanga Tawina anali woyembekezera mwana wathu woyamba, ndipo kuchipatala anatiuza kuti tiyang'anire Novembala. Chimene tinawaitanira n'chimenecho. Mayi ake a Tawina anatisiya kalekale, bambo anga nawonso chimodzimodzi, ndipo mayi anga ndege sangakwere ngakhale mutawalonjeza khola la ng'ombe. Ndiye wamkulu woti adzalandire mwanayo m'manja n'kumutcha dzina anali iwowa basi.

"Mlendo ndi mame, a Lamson," anandiuza madzulo ena tili pakhonde kunyumba kwathu ku Balga, dera lina la mumzinda wa Perth. "Mundisinthire tikiti ija, ndinyamuke mwezi wamawa. Kumunda kukundidikira. Dzina la mwanayo ndidzatumiza pafoni."

Ndinayankha monga amayankhira mkamwini aliyense wofuna kukhalitsa pabanja: "Chabwino, bambo, tiona." M'khitchini munamveka chivundikiro cha poto chikugwa, ndipo ndinadziwa kuti sichinagwe chokha.

Kuti mumvetse bwino, bambo Luwayo ndi munthu wa phiri. Kwawo n'ku Likhubula, patsinde pa Mulanje. Ali mnyamata ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri, kenako anadzakhala wowatsogolera, mpaka mawondo atayamba kudandaula. Paphiri lija palibe kaudzu kamene sakadziwa. Tawina amati ali mwana akawafunsa kuti, "Ababa, ichi n'chiyani?" iwo ankamuyankha kuti, "Khala pansi kaye. Dzina silibwera uli chiimire." Ndiye ankakhala pansi onse awiri, kuyang'ana tsamba kumaso ndi kuseri, kulifikisa n'kulinunkhiza, kuona duwa, kuona pamene chamera. Dzina linkabwera pamapeto penipeni, mwana atatopa kale.

Munthu wotereyu ife tinamukhazika ku Balga. Ine ndimalawirira kuntchito ku Joondalup, kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo Tawina n'kuti adakagwirabe mashifiti ake kuchipatala. Iwo ankatsala okha ndi wailesi yakanema. Akatopa nayo ankayenda mumsewu mwathu kukafika kupaki n'kubwerera. Tsiku lina ndinawafunsa kuti ayenda bwanji.

"Ndakumana ndi bulugamu," anatero. "Ndi yekhayo amene tadziwana. Mitengo inayo sindikuidziwa, iyonso siikundidziwa. Komanso dziko lanuli ndi mchenga wokhawokha, lathyathyathya ngati lichero. Maso alibe potsamira."

Panalinso nkhani ya zumba. Masiku amenewo mimba inkamulamula Tawina zinthu zovuta. Nkhwani ndi bonongwe tinkakagula kwa mayi ena a ku Zambia ku Girrawheen, amene amalima kuseri kwa nyumba yawo. Koma iye mtima wake unali pa zumba, ndiwo zakutchire za timaluwa tachikasu zimene mayi ake ankathyola n'kutendera ndi nsinjiro. Ankamutchula pachakudya chilichonse, ndipo akamutchula, bambo ake ankangoyang'ana m'mbale.

Atangolowa kuchipinda apongozi madzulo a tikiti aja, Tawina anandikola.

"Inu a Lamson, 'tiona' wanuyo ndamumva. Wikendi ino muli ofu. Muwatenge ababa mukawaonetse phiri."

"Phiri liti? Kuno kuli phiri?"

"Bluff Knoll. Anzanga akuntchito amapitako. Akakaliona phiri mtima ukakhala pansi. Ndipo musabwere kuno ndi nkhani ya tikiti. Ine sindikufuna kudzamva dzina la mwana wanga pafoni, netiweki ikudukaduka, ngati ndine wamasiye wopanda aliyense."

Tawina akafuna kulira amayamba wakalipa kaye, ndiye ndinadziwa pomwe tafika. Ndinavomera, ngakhale ine ndine mwana wa ku Area 25, ndipo chinthu chachitali chimene ndinali nditakwerapo ndi masitepe a pasiteshoni ya sitima. Zomera ndimazidziwa zikakhala m'mbale. Pofuna kuti ndisakachite manyazi, ndinaika pafoni kapulogalamu kaja kamene ukajambula tsamba kamakuuza dzina lake.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa, kulowera kummwera. Ulendowo ndi wautali, ndipo mkamwini ndi mpongozi m'galimoto imodzi nkhani sizichedwa kutha. Tinakamba za mpingo, zinatha. Tinakamba za mpira, zinatha. Tinatsala ndi minda ya kanola yachikasu mbuu, nkhosa, ndi mpanda wawaya wosatha. Iwo anafunsa kuti mbewuyo ndi yanji, ndinawauza kuti amayengera mafuta ophikira, ndipo anangogwedeza mutu.

Dzuwa litapendeka, kutsogolo kunatulukira mzere wa mapiri obiriwira motuwa, atangodzuka okha pakati pa chigwa. Bambo Luwayo anaweramira kugalasi.

"Taimani pang'ono."

Ndinaima. Anatsika, anavula chipewa, n'kuima m'mbali mwa msewu nthawi ndithu. Pobwerera m'galimoto anati, "Ndi laling'ono, koma ndi phiri." Mumtima ndinati, Tawina ndi mfiti, wawina kale.

Tinagona m'katauni kena kapafupi, ndipo m'mawa mwake tinafika poyambira njira. Pamenepo panali burashi yopukutira nsapato, ndi chikwangwani chonena kuti dothi lochokera kwina limabweretsa matenda opha zomera. Ine ndinkati tingodutsa, koma iwo anapukuta nsapato zawo ngati akupita kuukwati, n'kundidikira kuti nanenso ndipukute. Chikwangwani china chinkanena kuti eni nthaka a kumeneko, Anoongar, phirili amalipatsa ulemu waukulu.

"Awa ndi anthu," anatero. "Phiri sulowa ngati ukulowa mumsika."

Titangoyamba kukwera, munthu uja anasintha. Mawondo odandaula aja sindinawaonenso. Amene ankadandaula ndi ine, wefuwefu pambuyo, chikwama chikundikoka ngati ndabereka mwana wa eni. Njira inali ya masitepe a miyala ndi matabwa, mbali zonse kuli tchire lodzaza maluwa: oyera, ofiira, apinki, ena ngati burashi yotsukira mabotolo. Ndikajambula limodzi, foni inkandipatsa dzina lalitali ngati la mankhwala a shuga, ndipo ndikayesa kuliwerenga mokweza, apongozi ankandimvera chisoni.

"Isiyeni foniyo," anatero. "Uyu ndi mbale wake wa chanzi, mwaona masamba? Uyo kwathu timasesera. Aka kamamera pathanthwe pa Chambe, ku Mulanje kwathu."

Ankaloza uku ndi uku akuyenda, mayina akungotuluka ngati chimanga m'chigayo. Ndinaona ndithu kuti sakukhala pansi monga amanenera Tawina, koma ndinali wokondwa kwambiri moti sindinalabadire. Munthu amene kwa mwezi wonse ankalankhula ndi bulugamu yekha, lero anali akuseka.

Tisanafike pakati pa phiri anaima mwadzidzidzi. M'mbali mwa njira munali kachitsamba kofika m'chiuno, kodzaza timaluwa tachikasu tosakanikira ndi kufiira, tooneka ngati maluwa a nyemba.

"A Lamson! Zumba!"

"Zoona, bambo?"

"Si uyu? Taonani duwa. Masamba okhawa ndiye asiyana pang'ono, ndi olimba, koma ndi mphepo ya kuno imeneyo. Mwana wanga wakhala akulira zumba masiku onsewa, zumba ali pano phee!"

Anatulutsa jumbo imene munali buledi wathu n'kuyamba kuthyola nsonga zanthete, msangamsanga, ndi zala zozolowera. Ine ndinkadziwa kuti m'nkhalango yotetezedwa ya kuno saloleza kuthyola ngakhale tsamba limodzi. Koma inu munayamba mwawauzapo apongozi anu kuti akulakwa, ali pakati potolera mwana wawo ndiwo? Ndinati ndijambule kaye, foni ndiyo ilankhule m'malo mwanga. Foni nayo inasankha nthawi yomweyo kusowa netiweki, kachizindikiro kakungozungulira.

Jumbo itafika theka, anatenga tsamba limodzi, analifikisa, analinunkhiza, n'kulipititsa kukamwa kuti alilawe ndi nsonga ya lilime monga amachitira kwawo.

"Ayi! Chonde, ayi! Tayani!"

Mawuwo anali a Chingerezi, ndipo anachokera pansi pathu. Anali mayi wachikulire wachizungu, tsitsi loyera mbee, ndodo ziwiri m'manja, kagalasi kokulitsira zinthu kakulendewera m'khosi. Anakwera masitepe otsalawo mothamanga moti ndinaopa kuti agwa. Tsamba lija n'kuti litangokhudza mlomo. Mayiwo anatsegula botolo lawo la madzi, anawauza apongozi kuti achukuche m'kamwa n'kulavula, kenako anawathirira m'manja.

Atapuma anatiuza kuti dzina lawo ndi Nora, amakhala ku Perth komweko, ndipo chaka chilichonse amabwera kudzaona maluwa a phirili. Anati kachitsambako ndi ka mtundu wa nyemba zapoizoni. Kale mtundu umenewu unapulula nkhosa ndi ng'ombe za azungu oyamba kufika kuno. Nyama za konkuno, monga kangaru, zimadya osamva kanthu chifukwa zinakulira nawo, koma chobwera chilichonse chikadya, chapita.

Kenako anayang'ana jumbo ija. "Nanga onsewa mumati mukatani nawo?"

Bambo Luwayo Chingerezi amachitha, cha zaka zonse zija zoyenda ndi alendo. Koma panthawiyo chinatuluka movutikira. "Ndi za mwana wanga wamkazi," anatero. "Ndi woyembekezera."

A Nora anagwira pakamwa. Apongozi anakhuthulira masamba aja pansi pa chitsamba chomwecho, anakung'untha jumbo kawiri konse, n'kukhala pamwala. Ine ndinaganiza za Tawina akusinja mtedza mosangalala m'khitchini mwathu.

"A Lamson," anatero m'Chichewa, motsitsa mawu, "ndikanapha anthu awiri ndi jumbo imodzi."

"Sizinachitike, bambo. Mulungu ndi wamkulu."

"Safunsa anadya phula. Ine ndimati ndikamudyetse mwana wanga phulalo." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Tiyeni tizitsika. Mwaona nokha tsopano. Kuno ine ndine khanda, ndipo khanda lokalamba ndi loopsa. Za tikiti zija musachedwe nazo."

Ndinawabweretsa kuphiri kuti akhale, phiri lomwelo n'kuwathamangitsa. Ndinayamba kale kukonza mawu okamuuza Tawina, ndipo onse ankamveka oipa.

A Nora Chichewa sanamve, koma nkhope anaiwerenga. M'malo mopitiriza ulendo wawo, anakhala pamwala wina moyang'anana ndi apongozi n'kufunsa kuti chomera chakwathucho chimaoneka bwanji. Poyamba anayankhidwa mawu amodziamodzi. Koma mayi aja anali ndi mafunso ngati mwana wa sukulu: chimatalika bwanji, masamba amakhala angati paphesi, nyemba zake zikauma zimalira? Apongozi anadzutsa mutu. Anati inde, zikauma zimalira tsetsetse ukazigwedeza, ndipo masamba amakhala atatuatatu. Atanena zimenezi anatembenuka kuyang'ana chitsamba chija, chimene masamba ake sanali atatuatatu n'komwe, n'kupukusa mutu.

"Duwa ndiye simunalakwitse," anatero a Nora. "Ndi banja limodzi lalikulu, la nyemba."

"Kwathunso m'banja limenelo muli ombwe, wophera nsomba," anayankha apongozi. "Ndinayenera kukumbukira. Banja limodzi limatulutsa m'busa ndi wakuba."

A Nora anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anaimirira ndi ndodo zawo, anayang'ana kumtunda n'kudandaula kuti chaka chino chikwama chikuwalemera, mawondo akukana, sakudziwa ngati akafike pamwamba. Sindikudziwa ngati ananena dala. Chimene ndinaona n'chakuti bambo Luwayo, munthu amene anali atangolamula kuti tizitsika, anaimirira osaganiza n'komwe, anatenga chikwama cha mayiwo n'kuchiponya kumsana pamwamba pa chawo. Wotsogolera alendo sasiya mlendo pakati pa phiri, ngakhale phirilo likhale la eni.

"Pang'onopang'ono, mayi," anatero. "Pondani pomwe ndaponda."

Tinayambanso kukwera, iwo patsogolo, a Nora pakati, ine pambuyo ndi wefuwefu wanga. Kwa kanthawi apongozi sanayang'ane chomera chilichonse, maso anali panjira basi. Koma chizolowezi ndi chizolowezi. Tinafika pamene panali timitengo ta thunthu lakuda ngati lopserera, kumutu kuli udzu wautali wogwera mbali zonse. Anaima. Ndinaona milomo yawo ikufuna kutchula cheyo, chomera cha m'matanthwe a Mulanje chimene amapangira matsache. Anadzigwira.

"Mayi, ichi mumachitcha chiyani?"

A Nora anati azungu amati mtengo wa udzu, koma eni nthaka amati balga.

"Balga?" ndinafunsa ine. "Ngati kwathu kuja?"

"Komweko. Dera lanulo linatengera dzina ku mtengo umenewu."

Apongozi anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Zaka zonsezi mukugona m'dzina la mtengo osaudziwa, a Lamson?" Ndinavomera kulakwa mosangalala, chifukwa munthu amene wayambanso kunyoza mkamwini wake ndiye kuti moyo wabwerera.

Kuchokera pamenepo ulendo unasanduka msika wosinthana. Iwo ankafunsa, a Nora n'kuyankha, kenako a Nora ankafunsa za Mulanje, iwo n'kuyankha. Kagalasi kaja kanachoka m'khosi mwa mwini wake n'kukakhala m'manja mwa apongozi. Chakumtunda, kumene mitengo inathera n'kutsala zitsamba zazifupi zokanirira pamiyala, tinapeza timaluwa tolendewera chozondoka ngati timabelu. A Nora anati timabelu timeneti tili mitundu ingapo m'mapiri amenewa, ndipo ina imamera pansonga imodzi kapena ziwiri zokha, osapezekanso kwina kulikonse padziko.

"Ngati mkungudza wa kwathu," anatero apongozi, maso akuwala. "Nawonso unasankha phiri limodzi n'kukana ena onse." Anagwada, anasuzumira m'kati mwa kabelu kamodzi osakakhudza, n'kufunsa dzina lake. Atauzidwa analibwereza kangapo, mpaka lilime litalizolowera.

Pamwamba tinapeza mphepo yozizira yolowa m'mafupa, ndi nkhungu ikubwera n'kuchoka. Ine ndinati tafa, iwo anati ndi chiperoni chabe, ndivale juzi. Nkhungu ikang'ambika tinkaona minda yachikasu ija pansi kutali, ndi msewu ngati ulusi. Tinabisala kuseri kwa thanthwe kuti tidye buledi wathu, amene tsopano analibe jumbo.

Pamenepo mpamene apongozi anachiona. Chinamera mumng'alu wa thanthwelo, chachifupi, chothinana ngati nkhata ya pamutu, timasamba tolimba totuwa, ndipo kunsonga kuli timphukira ta maluwa totsekeka ndithu, tosaonetsa ngakhale mtundu.

"Nanga ichi, mayi?"

A Nora anagwada, anabwereka kagalasi kawo, anayang'ana uku ndi uku. "Sindikuchidziwa," anatero.

Apa ndinati nthawi yanga yakwana, chifukwa netiweki inali itabwerera. Ndinajambula. Foni inati ndi chomera cha m'mapiri a ku Ulaya. Ndinajambulanso chakumbali, inati ayi, ndi cha ku South America. Kachitatu chala changa chinalowa pachithunzi, ndipo foni inati mwina ndi bowa. Ndinaibweza m'thumba mwaulemu.

A Nora anati akuganizira mitundu iwiri kapena itatu, koma popanda duwa sangalumbire. Apongozi anafunsa kuti duwalo litsegula liti. A Nora anati mwina mu Novembala, mwina mweziwo usanafike, zimatengera nyengo ya chaka chimenecho.

Nditamva Novembala ndinayang'ana kumbali, kuopa kuti nkhope ingandiulule. Bambo Luwayo anavula zikwama zonse ziwiri, anakhala pansi pamiyala yozizirayo moyang'anana ndi kachomerako, n'kundikodola.

"Khalani pansi, a Lamson."

Ndinakhala. A Nora nawonso anakhala. Anthu atatu akuluakulu, mumphepo, kuyang'ana kanthu kosakwana chikhatho. Apongozi anaona kuseri kwa tsamba, anaona kumene mizu yalowera, anaona mbali imene dzuwa limafikira. Sanathyole, sanalawe. Ine matako anachita dzanzi, koma chodabwitsa n'chakuti nanenso ndinayamba kuona zinthu: tiubweya toyera m'mphepete mwa masamba, kanyerere kakukwera n'kutsika, dontho la nkhungu litakodwa pakati.

"Pansi paja ndinatchula dzina ndili chiimire," anatero patapita nthawi, osandiyang'ana. "Kunali kupukwa. Ndimafuna ndione kwathu pamalo poti si kwathu." Kenako anamwetulira. "Koma ichi ndiye sindikuchidziwa. Sindikuchidziwa ngakhale pang'ono."

Ananena mawuwo ngati munthu amene wapeza ntchito. Za tikiti sanatchule, inenso sindinayerekeze kuziputa. Tinatsika bwinobwino, a Nora anasiya nambala yawo ya foni, ndipo anati Lachitatu lililonse amakumana ndi anzawo ku Kings Park, paki yaikulu ya mu Perth, kusamalira zomera zakutchire, aliyense ndi wolandiridwa. Apongozi anangoti zikomo.

Titafika ku Balga, Tawina anatichingamira pakhomo. Akulandira chikwama cha bambo ake, maso anali pa ine, kufunsa. Ndinangokweza mapewa. Tinalowa, ndipo chikwama cholongedza chija chinali pomwe chinali.

Nkhani ya zumba anaifotokoza okha apongozi, tisanadye n'komwe, osabisa kalikonse. Tawina anamvetsera atagwira mimba ndi manja awiri.

"Ababa! Inuyo?"

"Ineyo, mwana wanga. Uwo ndiwo ukalamba wa bambo ako."

Tawina anayamba kuseka, kuseka kuja kunasanduka kulira, kenako anapita kukakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. "Ndiye mumati mundipezere zumba mpaka ku Australia kuno?" anatero akupukuta misozi. Iwo anamugwira pamutu. Kuyambira tsiku limenelo zumba sanatchulidwenso pachakudya.

M'mawa mwake ndikupita kubafa, tulo tili m'maso, ndinakweza mwendo kuti ndidumphe chikwama monga mwa masiku onse. Ndinadumpha mphepo. Pakhomo paja panali poyera, ndipo m'chipindamo ndinamva mahang'ala akulira m'kabati.

Pomwa tiyi anayamba okha. "A Lamson, tikiti ija isiyeni mmene ilili. Kumunda ndiimbira a Overstone, mng'ono wanga, akalimitse." Anathira shuga, anatakasa. "Kachomera ka pamwala kandikaniza dzina mpaka nditaona duwa lake. Nanga munthu? Ndingamutche bwanji pafoni, nkhope ndisanaione?"

Tawina anadzuka n'kupita kukhitchini mofulumira. Ulendo uno sikunagwe chivundikiro chilichonse, tinangomva akuimba nyimbo ya kwaya.

Lachitatu lotsatira anandifunsa basi yopita ku Kings Park. Ndinawaperekeza kamodzi kokha, kenako anayamba kupita okha, chipewa kumutu, botolo la madzi m'manja. Ankabwera madzulo ndi dothi m'mawondo ndi mayina atsopano pakamwa, ndipo pachakudya tinkawamva tifune tisafune. Mitengo ya mumsewu mwathu anaidziwa yonse, mpaka anakagogoda kwa aneba kufunsa za chitsamba cha pampanda pawo. Kuphiri kuja sitinabwerereko chaka chimenecho. Duwa lija linatsegula lokha n'kufota popanda ife, ndipo mpaka lero sitidziwa kuti linali la mtundu wanji. Iwo akalikumbukira amangoti lilipo, silithawa.

Mwana anabadwa mu Novembala, masana dzuwa likuswa mtengo, wamwamuna. Atatilola kulowa, namwino wina wansangala anafunsa kuti dzina lake ndani. Tawina analoza bambo ake. Ine ndinamunyamula mwanayo kuti ndiwapatsire, koma iwo anabweza manja kumbuyo.

"Mpando kaye," anatero.

Ndinakoka mpando. Anakhala pansi, anakonza malaya, ndipo pamenepo mpamene anatambasula manja. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anaona makutu, anatsegula kachikhatho n'kuona m'kati, anavundukula nsalu kuona mapazi. Namwino uja anadikira, anatuluka, anabweranso.

"Ababa," anatero Tawina ndi mawu otopa, "musamufikise n'kumununkhiza ngati tsamba."

Iwo sanamve n'komwe. Mwana anatsegula diso limodzi, anawayang'ana, n'kukwinya nkhope ngati munthu amene ali ndi funso. Apongozi anaseka chapansipansi, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Wabadwira kwa eni, uyu," anatero. "Azidzafunsa asanathyole. Dzina lake ndi Funsani."

Namwino anapempha kuti alibwereze pang'onopang'ono. Analibwereza kangapo, mpaka lilime la mayiyo litalizolowera.